Kodi anachedwa ndani?

"Mwachedwa nawo." Mawu awiri amenewa ndawamva kambirimbiri m'makhonde a zipatala zathu, ndipo nthawi zonse wouzidwayo amangozyolika, n'kulandira mlandu ngati mwana amene wagwidwa dzanja lili mumphika wa ndiwo. Ena amawanena mwachifundo, ena mokalipa, koma mutu wake ndi umodzi: chimene chichitike pano chisatikhudze ife, munali naye kunyumba ndinu. Lero ndikufuna mawu amenewa tiwazenge mlandu, makamaka pa matenda a m'mimba ofuna mpeni wa dokotala, chifukwa nthawi zambiri amagwera munthu amene sanalakwe.

Malume anga ndi mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu amene mpaka imvi kumera sankadziwa kuti bedi la m'chipatala limagoneka bwanji. Lachiwiri lina madzulo, atachoka kudimba, anayamba kumva kupota. Anaganiza kuti ndi nyemba za masana. Kutacha Lachitatu mimba inali itayamba kufufuma, ndipo akazi awo sanadikire kuti wina awauze chochita: anaitana kabaza, ulendo wa ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Anapeza mzere wafika pamtengo wa mango. Nthawi yawo itakwana anawabaya chala, kachipangizo kaja kanaonetsa mizere iwiri, basi nkhani yatha. Malungo. Anawapatsa LA ndi panado. Malume amanena mpaka lero kuti sanakhale m'chipindamo mphindi zokwana zitatu, ndipo jekete lawo sanalivule n'komwe.

Lachinayi anabwereranso akusanza, asanapite kuchimbudzi kuyambira Lachiwiri, ngakhale mpweya wokha usakutuluka. Anauzidwa kuti mankhwala a malungo sagwira ntchito tsiku limodzi, akamalize kaye, ndipo anawawonjezera a kudzimbidwa. Lachisanu mimba inali ngati ng'oma ya gule, ukaigogoda ndi chala imalira. Apa m'pamene kalata yowatumiza ku chipatala cha paboma inalembedwa. Ambulansi inalipo koma mafuta munalibe, choncho abale anasonkherana n'kuchita hayala galimoto ya munthu wogula soya. Paboma anawaika dripu. Makina a ekisire anali atafa kalekale, ndipo wogonetsa odwala m'fiyeta, yekhayo amene analipo, anali ku msonkhano kunyanja. Loweruka masana anawatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo usiku wa tsiku lomwelo anawang'amba. Dokotala atatuluka, thukuta lili kamukamu, anafunsa kuti agadiyani ndi ati. Akazi awo a malume anadzuka pansi pamene anakhala, n'kugwada. "Mayi, matumbo anali atada kale. Mwachedwa nawo bambowa."

Dokotala uja sindimuimba mlandu. Anaona chimene anaona, ndipo anapulumutsa moyo wa malume pakati pa usiku. Koma kabuku ka kuchipatala ka malume ndinakawerenga tsamba ndi tsamba. Pa masiku anayi amene matumbo awo ankawola, ndi usiku umodzi wokha umene anakhala kunyumba mwa kufuna kwawo. Masiku ena onsewo anali m'manja mwathu, ife boma, ife chipatala, ife okhometsa ndi okhoma misonkho.

Nthenda imene inawagwira, madokotala amaitcha sigmoid volvulus. Chigawo chakumapeto cha thumbo lalikulu chimapotana chokha ngati mmene mayi amapotera chitenje pochifinya. Chikapotana, chimbudzi ndi mpweya zimasowa njira, mimba n'kutupa, kenako mitsempha yodyetsa thumbolo imatsekeka ndipo limayamba kufa. Si nthenda yachilendo kuno. Madokotala a ku Kamuzu Central Hospital alembapo zambiri za iyo, chifukwa ndi imodzi mwa zimene zimatseka matumbo a abambo achikulire kawirikawiri m'chigawo chino cha Africa, ndipo akatswiri amaigwirizanitsa ndi thumbo lalitali komanso zakudya zokhala ndi gaga wambiri. Chowawitsa mtima n'chakuti ikapezeka thumbo likadali lamoyo, nthawi zambiri amalipotolola ndi kapaipi kolowetsa kumunsi, mpweya n'kutuluka, wodwala n'kupuma, opaleshoni n'kudzachitika mwadongosolo tsiku lina. Ikapezeka thumbo litada, palibenso kuchitira mwina: kulidula basi, ndipo nthawi zambiri kutulutsira chimbudzi pamimba. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi maola, osati masabata.

M'mimba ndi m'nyumba yamdima yokhala ndi alendo ambiri, ndipo aliyense akadwala amalira mofanana ndi mnzake. Apendikisi imayamba kuwawa pamchombo ngati kupota wamba, kenako ululu umasamukira kumunsi chakumanja. Chilonda cha m'mimba chikabooka, mimba imauma gwa ngati thabwa. Chophuka chimene bambo wakhala akuchibwezera yekha ndi dzanja kwa zaka khumi, tsiku lina chimakana kubwerera ndipo thumbo limakanirira momwemo. Mtsikana amene mimba yakhala kunja kwa chiberekero amabwera akudandaula m'mimba ndi chizungulire, magazi akuchucha m'kati mosaoneka. Onsewa pakhomo la chipatala amanena chiganizo chimodzi: m'mimba mukundipweteka. Kuwasiyanitsa ndi luso, ndipo ngakhale madokotala a ku London okhala ndi makina onse amalakwitsa nthawi zina. Zimenezo ndikuvomera.

Chimene sindivomera n'chakuti vuto lathu loyamba ndi kusowa makina. Apendikisi anaifotokoza bwino Reginald Fitz ku Boston mu 1886, kusanabwere ekisire. Zachary Cope, dokotala wa ku England, analemba buku lake lokhudza kuzindikira msanga matenda adzidzidzi a m'mimba mu 1921, makina a CT asanalotedwe, ndipo ophunzira udokotala akuliwerengabe. Zida zimene anthu amenewa ankadalira ndi makutu, maso ndi manja. Kufunsa kuti ululu unayambira pati ndipo wasamukira kuti. Kufunsa ngati munthu watulutsa mpweya, funso lochititsa manyazi koma lopulumutsa. Kumugoneka wodwala, kumuvula malaya, kuika dzanja pamimba, kugogoda, kuyang'ana m'mphechepeche ngati muli chotupa. Kwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka, kuyeza mkodzo kuti aone ngati ali ndi pakati. Zonsezi sizifuna magetsi a ESCOM kapena ndalama zakunja. Zimafuna bedi lopimira, chinsalu chotchinga, ndi mphindi zisanu.

Mphindi zisanuzo ndi zimene tinawalanda azaumoyo athu. Munthu mmodzi akapatsidwa mzere wofika pamtengo wa mango, yekhayekha, usiku atagona pa wodi ya amayi oyembekezera, amaphunzira kuthamanga. Ndipo tinamupatsa chida chothamangira chabwino kwambiri: kachipangizo koyezera malungo. Musandimve molakwa, kachipangizoka kapulumutsa ana osawerengeka. Koma kali ndi khalidwe limene anthu ambiri salidziwa. Kamatha kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale malungo, ndiponso m'madera a udzudzu wambiri akuluakulu ena amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala. Choncho mizere iwiri ija imangonena kuti malungo anadutsapo kapena alipo. Sinena kuti ndiwo atupitsa mimba. Munthu akhoza kukhala ndi malungo ndi thumbo lopotana nthawi imodzi, monga mmene nyumba imodzi ingalowere mbala ndi njoka usiku umodzi. Koma ife tikagwira mbala timatseka chitseko n'kukagona.

Taonani za taifodi, pamene chisokonezo chimenechi chimapha ana. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anaonetsa kuti odwala opezeka ndi taifodi m'magazi ku Queen Elizabeth Central Hospital anachoka pa 67 mu 2011 kufika pa 782 mu 2014, chifukwa cha mtundu wa kachilombo wosamva mankhwala akale aja amene tinkadalira. Mwana wa taifodi amatentha thupi, mutu kupweteka, kufooka, zonse ngati malungo. Amamwa LA, sachira, amamwanso wina. Sabata yachiwiri kapena yachitatu kachilomboko kamaboola thumbo laling'ono chakumapeto kwake, zonyansa n'kukhuthukira m'mimba. Akamafika pa tebulo la opaleshoni amakhala atatheratu, ndipo mayi ake amauzidwa mawu awiri aja, chonsecho anayenda maulendo atatu ku chipatala mwana ali kumsana. Pa nkhani iyi pali chabwino chimene tiyenera kuyamika: katemera wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018, anaoneka kuti amateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse, ndipo mu May 2023 dziko linayamba kumupereka kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Katemera ameneyu ndi opaleshoni imene sidzachitika. Koma katemera wa apendikisi kulibe, wa chophuka kulibe, wa thumbo lopotana kulibe.

Ndiye tifike pa funso la fiyeta. Dziko la maboma 28 lili ndi zipatala zazikulu zinayi zolandira odwala otere: Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu Central ndi Mzuzu. Kuchoka ku Chitipa kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 300. Kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi oposa 150, ndi chikweza cha Thabwa pamwamba pake. Wa ku Likoma ndiye ayambe wapempha nyanja kuti igone. Mu 2015 bungwe la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangapeze opaleshoni yotetezeka ndi yokwanitsika pa nthawi imene akuifuna. Linaika muyeso wosavuta kumva: munthu azitha kufika pasanathe maola awiri pa chipatala chimene chingachite zinthu zitatu, kubereketsa mayi ndi mpeni, kutsegula mimba, ndi kukonza fupa lothyoka lotulukira kunja. Linatinso pa anthu 100,000 aliwonse pazikhala akatswiri 20 a opaleshoni, ogonetsa ndi a uchembere. Kwa ife amene kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, ndiye kuti akatswiri 3,500. Pamene lipotilo linkatuluka, sitinkafika ngakhale mmodzi pa 100,000. Chaka chomwecho mayiko a mu World Health Assembly anagwirizana kuti opaleshoni yofunikira ndi gawo la chithandizo choyenera munthu aliyense. Kusaina tinasaina, pakuti cholembera sichifuna mafuta.

Ena anena kuti ndikulota masana, akatswiri 3,500 tiwatenga kuti? Zoona, sitiwapeza m'moyo wanga uno. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, likuphunzitsa madokotala a opaleshoni konkuno osawatumiza ku Ulaya. Zipatala za mishoni monga Malamulo ndi Nkhoma nazo zikuphunzitsa. Chiwerengero chikukwera, koma pang'onopang'ono, ndipo ambiri amakhala m'mizinda. Amene ali paboma ndi kiliniko ofesa. Ndiye amene amabereketsa amayi ndi mpeni usiku ndi usana m'zipatala za m'maboma, ndipo dziko lino likanagwa kalekale popanda iye. Ngati timamukhulupirira kuti atsegule mimba ya mayi n'kutulutsa mwana, bwanji osamuphunzitsa mokwanira kuti asoke thumbo lobooka? Izi si nzeru zatsopano. Pulojekiti ya COST-Africa, imene inayendetsedwa ndi College of Medicine mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland, inaphunzitsa makiliniko ofesa digiri ya opaleshoni ali pa ntchito m'maboma, akatswiri akumawayendera, ndipo inaonetsa kuti opaleshoni ngati ya chophuka imachitika bwino paboma. Pulojekiti yotsatira inagwiritsanso ntchito gulu la pa WhatsApp kuti wa paboma azifunsa katswiri asanakweze wodwala mu ambulansi. Njira tinaiona. Chimene chimativuta n'chakuti chilichonse chobwera ndi dzina lakuti pulojekiti chimapita ndi galimoto ya pulojekitiyo.

Pali madokotala ena amene amachita tsinya akamva zimenezi. Amati kutsegula mimba si kung'amba kokha, ndi kudziwa chochita ukapeza chimene sunayembekezere, ndipo munthu wa maphunziro ochepa akhoza kuwononga. Mfundo yawo ndi yolemera, ndipo n'chifukwa chake ndikunena za maphunziro ndi kuyenderedwa, osati kungomupatsa munthu mpeni. Koma afunseni kuti wodwala wa ku Chitipa asankhe pakati pa chiyani ndi chiyani. Sasankha pakati pa kiliniko ofesa ndi pulofesa. Amasankha pakati pa kiliniko ofesa wophunzitsidwa bwino usiku uno, ndi pulofesa mawa madzulo thumbo litada.

Ndipo mpeni wokha suchiza. Fiyeta ndi unyolo: wogonetsa, mpweya wa okosijeni, magazi, ulusi wosokera, makina ophikira zida, madzi, jenereta yokhala ndi dizilo. Mphete imodzi ikaduka, dokotala waluso amangoima manja ali m'thumba. Wogonetsa ndiye mphete imene timaiiwala kwambiri. Chipatala chokhala ndi mmodzi yekha ndi chipatala chimene fiyeta yake imatseka iye akadwala, akapita kumaliro, kapena akaitanidwa kukadya alawansi kunyanja. Magazi nawo, bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, choncho sukulu zikatseka nkhokwe zimaphwa. Apa mlandu ukutigwera tonse, ife akuluakulu a mimba zathu amene timadutsa tenti yoperekera magazi ngati sitikuiona, n'kudzalira pa Facebook m'bale wathu akagona.

Opaleshoni ikatha anthu amaganiza kuti nkhondo yatha. Ayi ndithu. Kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town, amene anatuluka mu 2018, anatsatira odwala 11,422 m'mayiko 25 a mu Africa. Anapeza kuti ngakhale odwala athu ndi achichepere komanso opanda matenda ambiri a mgonagona, amafa pambuyo pa opaleshoni kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chiwerengero cha dziko lonse lapansi. Ndipo pafupifupi onse sanafere pa tebulo. Anafera mu wodi, masiku otsatira. Aliyense amene anagonapo pansi pa bedi ngati gadiyani akudziwa chifukwa chake. Namwino mmodzi kapena awiri usiku wonse, wodi yodzaza mpaka m'khonde. Dripu ikatha amene amaona ndi gadiyani. Wodwala akayamba kupuma mothamanga, amene amazindikira ndi gadiyani, ngati ali maso, ngati ali ndi mtima wokagogoda kachitatu pa chitseko chimene anamukalipira kale kawiri. Bambo amene anagona bedi loyandikana ndi la malume anachitidwa opaleshoni yabwinobwino Lamlungu, Lachiwiri m'bandakucha tinangomva mkazi wake akuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi.

Tsono ndisanamizidwe kuti ndikuti odwala sachedwa. Amachedwa. Ndaona mimba zodzaza mphini zatsopano, ndaona anthu akumwa zitsamba zotsegula m'mimba pamene njira yatsekeka, ndaona anyamata akumeza bufeni ngati mtedza mpaka chilonda kubooka. Abambo ambiri amabisa chophuka kwa zaka chifukwa chili pamalo ochititsa manyazi. Zonsezi ziyenera kunenedwa pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti: mimba ikatupa, mpweya osatuluka, munthu akusanza, musadikire kuti kuche kawiri. Koma tidzifunsenso chimene chimamutumiza munthu kwa sing'anga. Sing'anga amamukhazika pamphasa, amamufunsa, amamugwira pamene pakupweteka. Ife timamubaya chala osamuyang'ana kumaso. Munthu amene anawononga ndalama ya kabaza kawiri n'kubwerera ndi panado, ulendo wachitatu mukuti apite kuti? Kuchedwa kwina kumene timawanena nako anthu akumudzi tinawaphunzitsa ndife.

Ndalama palibe, atero a ku Capital Hill. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri timalephera kufikapo. Komabe ndalama zotumizira odwala ku India zimapezeka, ndipo akuluakulu akamva kupota sakwera kabaza. Sindikuti wodwala khansa kapena mtima asapite kunja. Ndikuti ulendo umodzi wotere ungagule dizilo wa ambulansi, ulusi ndi mankhwala ogonetsa zopulumutsa anthu ambiri amene mayina awo sadzatuluka m'nyuzipepala. Vuto la opaleshoni ya m'mimba n'lakuti ilibe mwini. Edzi ili ndi thumba lake, malungo ali ndi lawo, chifuwa chachikulu chimodzimodzi, aliyense ndi magalimoto ake ndi mafomu ake. Thumbo lopotana lilibe tsiku lokumbukira, lilibe tisheti, lilibe woimba. Phungu amakonda kutsegulira nyumba yopaka penti chifukwa pali riboni yodula. Kulipira wogonetsa wachiwiri paboma kulibe riboni.

Chimene ndikupempha Unduna wa Zaumoyo n'chaching'ono moti n'chochititsa manyazi kuchilemba. Wodwala aliyense amene wafera kapena wadulidwa thumbo chifukwa cha nthenda yadzidzidzi ya m'mimba, kabuku kake kawerengedwe monga mmene timachitira ndi imfa za amayi oyembekezera. Paja mayi akamwalira pobereka pamakhala kafukufuku, anthu amakhala pansi n'kufunsana kuti kuchedwa kunachitikira pati: kunyumba, panjira, kapena m'chipatala. Chitani chimodzimodzi ndi mimba. Lembani ola limene munthu anafika koyamba pa chipatala chilichonse, ndi ola limene mpeni unakhudza khungu. Ziwerengerozo zipachikidwe pa bolodi la chipatala cha paboma ndipo zikawerengedwe ku khonsolo, makhansala ndi mafumu ali pomwepo. Pamenepo tidzadziwa kuti mawu awiri aja ayenera kuuzidwa ndani.

Malume anatuluka patatha masabata atatu, ali ndi kabowo kumanzere kwa mimba kotulukira chimbudzi. Matumba ake enieni anawapatsa asanu. Atatha, akazi awo anaphunzira kudula timapepala ta pulasitiki togulira shuga n'kumamatira ndi pulasitala, khungu lozungulira kabowoko n'kusupuka. Munthu amene ankatsogolera nyimbo mu mpingo anasiya kupita ku tchalitchi, kuopa fungo. Anadikira miyezi isanu ndi inayi kuti awabwezeretse thumbo, tsiku likumasunthidwa chifukwa fiyeta yadzaza ndi odwala adzidzidzi, enanso amene anachedwa nawo. Pano ali bwino, abwerera kudimba.

Mwezi watha ndinapita kukawaona. Mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzacheza, nkhani n'kufika pa matenda aja, ndipo anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti zifike pamenepo. Akazi awo a malume anali akusola mtedza pa lichero. Sanadzutse mutu. "Tinachedwa nawo," anatero. "Adokotala anatiuza." Kabuku kaja kali m'chikwama chawo cha Baibulo, ndipo pa tsamba lachitatu pali deti la Lachitatu lija, ndi mawu atatu olembedwa mothamanga: malungo, LA, panado.